Mgolo Wosatera Ntchentche

"Shuga ameneyu atuluke m'nyumba muno lero lomwe," anatero a Zikhalo ataima pakhomo la khitchini, wailesi ili m'khwapa. "Abwerere kwa eni ake ku Linthipe. Ine sindikufuna kufera zotsekemera."

Akazi awo, a Elena, sanadzutse n'komwe mutu. Anali pamphasa akusankha nyemba m'lichero, ndipo anapitiriza kusankha.

"Bambo a Jesinta, shugayu wakulakwirani chiyani? Wakutukwanani?"

"Mukuchita nthabwala anthu atatsala pang'ono kufera m'dimba mwanga? A Timoteyo dzana asanza mpaka ndulu. Amayi aja amatikumbira kachewere, dovu chuchuchu ngati mbuzi yodya chinangwa chowawa. Ine ndemwe mutu ukulirabe ng'oma mpaka pano. Tonse tinamwa thobwa lanu. Tsono taganizani: chimanga n'chathu, chimera munameretsa nokha, madzi ndi a pamjigo wathu. Chachilendo m'thobwamo chinali chiyani? Shuga wa a Habib basi."

"A Habib akufuna mwana wawo akwatire mwana wathu. Atiphe kuti chinkhoswe adzachite ndi ndani? Ndi manda?"

"Vuto lanu simumvera wailesi," anatero a Zikhalo akuisisita wailesiyo. "Sabata yomwe ino Amereka aphulitsa fakitale ku Sudan. Akuti imapanga mankhwala a nkhondo, oti munthu kungonunkhiza, kwatha. Zizindikiro zake n'zomwezi, kusanza, dovu, maso kuchita mdima. Nanga shugayu anabwera m'jumbo lotani? Lolembedwa Chiarabu!"

"Wailesi yomweyo ine ndinaimva ikunenanso kuti eni ake akuti ankapangamo mankhwala a malungo. Inu mwatolapo mbali yokukomerani. Ndipo jumbolo ndi lija analandiriramo zipatso za tende pa nthawi ya kusala kwawo, mwana anatiuza."

"Mwana ali m'chikondi, angaone chiyani?"

Mwanayo, Jesinta, anali kuseri kwa nkhokwe akutsuka mbale, ndipo anamva zonse. Chinkhoswe chake ndi Kamal, mwana wa a Habib a golosale ya ku Linthipe, chinali mwezi wotsatira. Nkhani ya tchalitchi ndi mzikiti inali itakambidwa n'kutha, ankhoswe atatopa nayo, abambo mfumu a ku Kasina atausa moyo n'kuvomera. Zonsezo anali atawoloka, ndiye ukwati udzafere m'jumbo la shuga? Mtima unamuwawa, mbale ina mpaka anaitsuka kawiri.

A Zikhalo sanali munthu woipa. Ku Kaphuka konse ankadziwika ndi kachewere wawo, ndi kuseka, ndi kusamana. Matenda awo anali amodzi. Chibwerere matipate, pakamwa pa anthu patamasuka, iwo anagula wailesi, ndipo kuyambira pamenepo panalibe chochitika pa dziko lapansi chimene sankadziwa chiyambi chake ndi mathero ake omwe.

Pafupi ndi pamene Jesinta ankatsukira panali chuma china chatsopano cha pakhomopo, mgolo wabuluu wapulasitiki. A Zikhalo anaugula kwa dalaivala wa lole ya ku esiteti ina, amene ankaima pa Linthipe kumapeto a mwezi n'kumatsitsa migolo yopanda kanthu. Anautsuka ndi phulusa ndi mchenga, kenako analamula kuti mbiya zadothi zipume, thobwa la chinkhoswe lidzakhale m'chinthu chamakono. Thobwa la okumba kachewere lija linali loyesera mgolowo. A Elena ankazikonda mbiya zawo, koma nawonso anali atauyamikira pa chinthu chimodzi. Mbiya ikakhala ndi thobwa ntchentche zimachitapo msonkhano, pamene pa mgolowu panali zii, osaona n'imodzi yomwe ikuzungulira.

Shuga uja sanabwerere ku Linthipe. A Elena anangomukhuthulira m'chitini chakale cha mkaka n'kunena kuti wapita. Koma mawu ndiwo anapita. Tsiku la msika a Zikhalo anatengera kachewere ku Linthipe limodzi ndi a Timoteyo, mnzawo wa pa bawo uja anasanza ndulu, ndipo podikira ogula ochokera ku Lilongwe anayamba kufotokozera anthu za ku Sudan. Sanatchule dzina la munthu, amatero mpaka lero. Anangoti anthu azisamala ndi shuga wa m'magolosale ena, makamaka oyandikana ndi mzikiti. Golosale yoyandikana ndi mzikitiwo inali imodzi.

Sabata yotsatira Kamal anatulukira pa njinga, a Zikhalo ali kudimba. Anali mnyamata wamtali, wofatsa, wosathamangira kulankhula. Anakhala pamwala patali ndi apongozi ake, nkhope atalozetsa kumbali mwaulemu.

"Amayi, ndatumidwa, koma mawu ake akundilemera."

"Nenani, bambo, pano m'panu."

"Golosale yathu ana ayamba kuitcha kuti Sudan. Shuga palibe akugula, ndi mchere womwe. Dzulo mayi wina wabweza sopo, akuti akumuyabwa. Ababa sakudya bwino. Amayi mutu sukuwatha, ndipo azakhali ayamba kunena kuti ndi anthu a ku Kaphuka awalodza."

"Ha! Ife tsopano?"

"Ndi mmene zafikira. Amalume akuti ngati a Zikhalo sabwera kudzabweza mawu awo pamalo pomwe anawanenera, za chinkhoswe tiiwale. Akumana Lachisanu la sabata yamawa kuti amange mfundo."

"Nanga inuyo mukuti bwanji?"

Kamal anayang'ana pansi. "Ine ndikumufuna Jesinta, amayi. Koma ndingamutengere bwanji pakhomo pamene bambo ake akuti m'pa anthu akupha?"

Madzulo ake a Zikhalo atangotula khasu, Jesinta anadzagwada pafupi nawo. Sanali mwana woyankha makolo, koma tsikulo mawu anali atamudzadza.

"Ababa, munawaona a Habib akuthira kanthu m'shuga?"

"Zinthu zimenezi sizioneka ndi maso, mwana wanga."

"Koma munawaona?"

"Iwe, ine ndikuteteza moyo wako."

"Moyo wangawo mukuupasula, ababa. Pa ubatizo wa mwana wa achimwene mpunga unachokera kuti? Feteleza atasowa chaka chatha, anakusungirani thumba ndani? Mmene amayi anadwala chibayo, anaimitsa galimoto pamsewu ndani? Nthawi yonseyo ankadikira chiyani osatipha?" Misozi inayamba kutsika ndipo sanaipukute. "Inu mukalankhula pamsika mumabwera kunyumba n'kudya bwinobwino. Ine ndikadutsa pamjigo anthu amasiya kucheza."

Mawuwo anawalasa a Zikhalo, pakuti mwanayu ankamukonda kuposa ndi wailesi yomwe. Koma munthu amene walankhula pamsika, anthu n'kumugwedezera mitu, kubwerera kumamuvuta.

"Taona umboni," anatero mawu atatsika. "Chichokere shuga uja pakhomo pano, wadwala ndani? Ine ndili gwa, khasu ndikuligwira ngati mnyamata."

A Elena anatulutsa mutu pakhomo la khitchini. "Tiyi wa m'mawa uja anakoma?"

"Anakoma."

"Nanga wa dzulo?"

"Mukufunsiranji, mayi a Jesinta?"

"Chifukwa shuga wake ndi yemwe uja. Mwakhala mukumwa Sudan m'mawa uliwonse, masupuni odzaza, mpaka kunyambita kapu."

A Zikhalo analavula malovu, anagwira pamimba, n'kudikira imfa. Imfa sinabwere. Nkhuku zinapitiriza kulowa m'khola, Jesinta ali pakati pa kulira ndi kuseka.

"Ndiye kuti mankhwalawo amadzuka akakumana ndi chimera," anatero a Zikhalo pomaliza. Munthu wa wailesi sasowa yankho. "Chabwino, tiyese mwasayansi. Ndikagula shuga ndekha ku Kasina, kwa Mkatolika mnzanga. Inu muphike thobwa lina, zonse chimodzimodzi ngati poyamba. Likapanda kudwalitsa munthu mudziwa kuti ndimanena zoona."

"Nanga likadwalitsa?"

"Ndimwa ndekha. Wina aliyense asalikhudze."

Shuga wa ku Kasina anabwera. A Elena anaphika thobwalo n'kulithira m'mgolo likadali lotentha kuti ligone, monga anachitira poyamba paja. Kutacha, dzuwa litakwera, a Zikhalo anakhala pampando pabwalo, a Timoteyo ataitanidwa kudzakhala mboni. Atawapatsa chikho a Timoteyo anabweza manja kumbuyo.

"Ine achimwene ndingoonerera. M'mimba mwanga simunaiwale."

"Mantha basi. Uyu ndi shuga wobatizidwa."

Thobwalo linali ndi kafungo kena kake, kokhala ngati ka palafini, koma a Zikhalo anati ndi fungo la pulasitiki watsopano. Anamwa chikho, anawonjeza china, n'chinanso, akuyang'ana akazi awo pamwamba pa chikhocho. Zotsalira za pansi Jesinta anakhuthulira nkhuku.

Dzuwa lisanapendeke thukuta linayamba, kunja kukuzizira. Kenako dovu. Anati aimirire kuti apite kuseri, miyendo inakana, ndipo anagwa chafufumimba pafupi ndi mtondo. Apa nthabwala zinawathera a Elena. Anawanyamula mutu n'kuuika pamiyendo pawo, akuwapukuta kukamwa ndi chitenje.

"Bambo a Jesinta, musandisiye chifukwa cha makani! A Timoteyo, thamangani mukamange ng'ombe!"

Ngolo inawafikitsa kuchipatala chaching'ono cha m'deralo akupuma movutika. Anawabaya jakisoni, anawaika diripi, ndipo pofika madzulo mpweya unayamba kubwerera m'malo mwake. Adokotala, bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, anafunsa ngati wodwalayo anapopera mankhwala m'munda tsikulo. A Elena anati ayi, pampu ili pakhoma chithere mvula.

"Komatu thupi lawo likunena kuti amwa mankhwala ophera tizilombo," anatero adokotala. "Ganizirani bwino kunyumbako."

M'mawa mwake, lomwe linali Lachisanu, Jesinta anafika ndi phala m'kabakuli, ndiponso kanthu kena atakulunga m'tsamba la nthochi. Anadikira adokotala afike pabedi la bambo ake, n'kumasula tsambalo. Munali ntchentche zakufa zodzaza dzanja, nyerere, ndi mphemvu zingapo zitagona chagada.

"Ndazisesa pansi pa mgolo, ababa, kumbali ya kunkhokwe kumene sitinkayang'ana. Anapiye amene anadya zotsalira za thobwa zija afa onse. Ntchentche sizinkauthawa mgolo uja. Zinkatera, n'kugwa."

A Elena anagwira pakamwa. "Mayi ine! Ine n'kumauyamikira ukhondo!"

"Mgolo umenewo munali chiyani musanaugule?" anafunsa adokotala.

"Dalaivala anati munali zotsukira," anayankha a Zikhalo ndi mawu osasa.

"Panalibe chipepala chomata?"

"Chinalipo. Chinali ndi chigaza cha munthu, pansi pake mafupa opingasa. Ndinachipala ndi mpeni."

"Munachipaliranji?"

"Adokotala, alendo a chinkhoswe alandiridwe ndi chigaza? Si malaulo amenewo? Koma kutsuka ndinautsuka ndithu, phulusa, mchenga, mpaka manja kutupa."

Adokotala anapukusa mutu, koma sanakalipe. Zinkaoneka kuti nkhani yotereyi sinali yoyamba kuimva.

"Pulasitiki amamwa, bambo. Mungatsuke chaka chathunthu, mankhwala amakhala atalowerera m'kati mwake, ndiye mukathiramo chotentha amatuluka. Ndamva kuti mumatsata za pa wailesi. Ena mwa mankhwala a nkhondo amene akunenedwawo ndi apachibale ndi awa opopera m'minda. Awa ndi ocheperako mphamvu, ndipo ntchito yawo ndi yabwino, mbewu zimapulumuka nawo. Koma akalowa m'mimba sadziwa kuti uyu ndi mlimi, iyi ndi mbozi. Za ku Sudan ine sindikudziwa, sindinafikeko. Zanuzi zachokera pafupi pompano."

A Zikhalo anatembenukira kukhoma. Manyazi anawagwira, oti akanakonda diripi ija ikanawagonetsa mpaka chaka chamawa. Kenako anadzuka mwadzidzidzi mpaka bedi kulira.

"Inali iwiri."

"Chiyani, bambo a Jesinta?"

"Migolo. Tsiku lija inatsala iwiri pa lole. Wina ndinatenga ine. Winawo anagula a Habib, ine ndili pomwepo. Anati azisungiramo madzi akumwa, poti mjigo wa kwawoko umafafa."

"Mutu wa amayi ake a Kamal uja," anatero a Elena motsitsa.

"Ndithamange ine, ababa," anatero Jesinta atanyamuka kale.

"Ayi. Pakamwa panapita kumeneko m'panga, miyendo ipitenso yanga. Adokotala, tachotsani chingwechi."

Adokotala anakana kaye, koma atamva nkhani yonse anachotsa, n'kuwauza kuti akabwere nawo mayi wodwala mutuyo. Atatuwo anakwera matola mpaka pa Linthipe, a Zikhalo atatsamira akazi awo njira yonse.

Anafika anthu atangotuluka mumzikiti. Pakhonde la kuseri kwa golosale panali patakhala a Habib, bambo wamfupi wa ndevu zoyera, atavala mkanjo woyera. Anali ndi alamu awo, amalume ake a Kamal, amene anabwerera nkhani ya chinkhoswe ija. Kamal anali ataima potero. Akazi a a Habib, a Fadila, atamanga kansalu pamphumi, anali atangotunga madzi mumgolo wabuluu umene unali pakona pa khondelo, ndipo anagwada n'kupereka kapu kwa amuna awo.

A Zikhalo sanaodire n'komwe. Munthu amene dzulo lake anachita kunyamulidwa pangolo anadumpha masitepe a khonde, n'kuimenya kapuyo ili pafupi ndi milomo. Inakagwera pabwalo n'kugubuduka. Madzi anakhavukira pamkanjo woyera uja.

Amalume a Kamal anaimirira, maso ali psuu.

"Munatinyoza pamsika, ife tinakhala chete. Lero mwabwera kudzatimenyera pakhomo pathu? Kamal, waona? Awa ndiwo apongozi amene ukuwalirira?"

Kamal anaima pakati pa awiriwo, osadziwa woti amugwire. Jesinta anabisa nkhope m'chitenje.

"Asiyeni, alamu," anatero a Habib akudzipukuta ndevu modekha. Koma mawu awo anali ozizira. "A Zikhalo, madziwo ndi a m'nyumba mwanga, wanditungira ndi mkazi wanga. Kapena nawonso achokera ku Sudan?"

A Zikhalo anagwada pasimenti, mwina chifukwa cha ulemu, mwina miyendo inali itawathera.

"Achokera mumgolomo, asewere." Aka kanali koyamba kuwaitana choncho. "Ine ndagona m'chipatala chifukwa cha mnzake wa mgolo umenewo, onani pamkonopa. Kundimenya mundimenya, ndikuyenera. Koma yambani mwausuntha tione pansi pake."

A Habib anawayang'ana, kenako anakodola mwana wawo. Kamal anaupendeketsa mgolowo n'kuukokera pakati pa khonde. Pamene unakhala panali mzere wa ntchentche zakufa ndi nyerere, wozungulira bwinobwino motsata tsinde lake. Ndipo mbali imene inayang'ana kukhoma inali ndi chipepala chake chikadali chomata, chigaza chikuwasekerera onse.

"Ndinautembenuzira kukhoma ndine," anatero a Habib pang'onopang'ono. "Chithunzicho chinkaopsa adzukulu."

"Ine ndinachita kupala ndi mpeni," anatero a Zikhalo.

Kamal anawerama n'kuwerenga timalemba tachingerezi ta m'munsi. "Akuti mankhwala akatha mgolowu uwonongedwe. Usasungiremo madzi kapena chakudya." Anadzuka akukanda m'mutu. "Ndinkadutsapo tsiku lililonse. Poti aliyense amagula, sindinaganizeko zowerenga."

A Fadila anakhala pansi mwadzidzidzi n'kumasula kansalu ka pamphumi kaja. "Ndiye mutu wangawu? Ine ndi amene ndimakhalira kumwa madzi amenewa tsiku lonse. Ife kuno timati mwatilodza a ku Kaphuka."

"Ife kwathu timati mwatithirira a ku Linthipe," anayankha a Elena.

Amayi awiriwo anayang'anana, ndipo kuseka kunawaphulikira, kuseka kwa anthu amene aphonyedwa ndi chinthu choopsa, misozi ili m'maso. Amalume aja anakhala pansi n'kufunsa motsitsa ngati mgolo wobiriwira nawonso uli m'gulu lomwelo, poti kwawo unalipo.

A Habib anatambasula dzanja n'kuwadzutsa a Zikhalo.

"Mwatipulumutsa, ndipo Mulungu akudalitseni. Mkanjo uchapidwa. Koma dzina langa simunalitayire pakhonde pano, munalitayira pamsika."

"Ndikudziwa, asewere. Ndikalitola komweko."

Tsiku la msika litakwana, migolo iwiri ija inaikidwa pakati pa ogulitsa kachewere. A Zikhalo anakwera pathumba, wailesi ataisiya kunyumba, ndipo anthu anasonkhana poganiza kuti kwabwera nkhani zina za kunja.

"Abale anga, tsiku lija ndinanena zabodza pano. Shuga wa a Habib alibe mlandu. Ndakhala ndikumwa m'tiyi osadziwa, ndipo ndanenepa naye. Chimene chinatigwetsa ine ndi a Timoteyo ndi ichi, ndinagula ndekha, ndi manja angawa. Munali mankhwala opopera m'munda. A Habib ndinawalakwira, ndipo ndikupepesa pamaso panu nonse."

Atatero anatsika, anatenga nkhwangwa, n'kuutema mgolo wawo pamimba. Kenako anapereka nkhwangwayo kwa a Habib. Apa ndiye msika unabuula.

"Osaboola! Tipatseni ife!"

"Bambo inu, chinthu chabwinobwino!"

Mayi wina wobereka mwana anagwira mkono wa a Habib. "Ine ndizingotungira madzi ochapira, ndikulumbira. Kwathu chitsime chili kutali, ndowa yanga inabooka. Ndipatseni, chonde."

A Habib anamuyang'ana mwachisoni, chifukwa ankadziwa kuti sakunama za ndowayo, ndipo ankadziwanso kuti madzi ochapira, mwana akalira ludzu, amasanduka akumwa. Anautema mgolowo. Zidutswa zake Kamal ndi a Timoteyo anachita kukazikwirira kutali ndi zitsime, anthu ena akuwatsatira m'mbuyo kuti mwina pagwa kachidutswa kokwana beseni.

Kumapeto a mwezi lole ija inaimanso pamalo pake. A Zikhalo anaima pambali akuchenjeza aliyense, mpaka dalaivala anawatukwana. Ena anamva n'kubwerera, koma migolo inatha dzuwa lisanafike pamutu. Munthu wotunga madzi kutali ukamuonetsa mgolo wotchipa, chigaza sachiona. Eni esiteti, amene chipepalacho amachiwerenga bwino kuposa tonsefe, sanabwerepo kudzafunsa kuti migolo yawo imathera kuti. Zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Koma chinkhoswe chinachitika. A Fadila anali atachira, golosale itayambanso kugulitsa shuga, ngakhale dzina loti Sudan linakanirira, ndipo a Habib anafika polizolowera. Ku Kaphuka tsikulo kunacha bwino, kamphepo kakuwomba kuchokera kumapiri. A Elena anatulutsa mbiya zawo zonse, anabwerekanso zina kwa anansi, n'kuzindandalika pansi pa mtengo wa pichesi monyadira. Thobwa linali la shuga wa a Habib, ndipo ntchentche zinabwera mwaunyinji wake, atsikana akuzikupiza ndi nthambi.

Ankhoswe atasinthana nkhuku, nthungululu zili pakamwa, Jesinta anabwera ndi chikho chodzaza n'kugwada pamaso pa bambo ake, amene anakhala pampando umodzi ndi a Habib. Nkhope yake inali yowala, ndipo a Zikhalo atamuona anamwetulira ndi chimwemwe. Asanachilandire, ntchentche inatera pamlomo pa chikhocho. Jesinta anatukula dzanja kuti aiingitse.

"Isiye, mwana wanga," anatero a Zikhalo. "Iyambe ndiyo."

Amuna awiri akuluakulu, wina wa kolona m'khosi, wina wa mkanjo woyera, anaweramira chikhocho. Ntchentche inayenda pang'ono, inamwa, inapukuta timiyendo take mosafulumira. Kenako inanyamuka n'kulowera kumbiya, yamphamvu zake.

"Yauluka, asewere," anatero a Habib.

"Yauluka," anavomera a Zikhalo. Analandira chikhocho ndi manja awiri, anamwako pang'ono monga achitira mwini khomo, n'kuchipereka kwa a Habib.